Madzi Osamba M'manja Sakanidwa

Rozina mwana wanga,

Ndikukulembera ndili pabenchi panga mumsika wa Limbe, pepala ndalitsamiritsa pa belo la majekete limene ndinalakwitsa kugula mwezi wotentha uno. Makasitomala kulibe, ndiye nthawi ndili nayo. Ukaona zilembo zapindika, dziwa kuti pabwera munthu wodzagwiragwira zovala n'kuchoka osagula.

Usadabwe kuti ndikulemba pomwe tikugona nyumba imodzi. Chibwerereni kudzatsanzika ndayesa kulankhula nawe pakamwa, koma zakanika. Ndikati ndiyambe, foni ya kudzanja lamanja yalira. Ndikadikira kuti umalize, ya kumanzere yayamba. Umangoti, "Amayi ndikumva, pitirizani," maso ali pa kompyuta, ukulamula malole a chakudya amene ali kudziko lina uli pampando wanga ku Mpingwe. Dzulo pa mapemphero okutsanzika ndinali nditakonza mawu anga, koma abambo ako anaimirira kuti anene mawu awiri okha. Mawu awiri aja anayambira pa agogo awo kuwoloka Shire, ndipo pomwe amafika pa iwe tiyi anali atazizira, abusa akuyang'ana wotchi. Ndiye kalatayi ndiyiika pansi pa tchaja ya foni yako, chifukwa ndi malo okhawo m'nyumba muja amene ndikudziwa kuti ufikapo lero.

Akuti mawa ukukwera ndege ku Chileka, ukukakhala mkulu wa ntchito yonse yothandiza anthu othawa nkhondo kudziko lija abambo ako amalitchula mosiyana tsiku lililonse. Akuti chakudya, mankhwala, matenti ndi madzi a anthu ochuluka kuposa a mu Limbe muno zizidikira iwe kuti unene kolowera. Abambo ako auza Mpingwe yense, mpaka kondakitala wa minibasi lero wandipatsa mpando wa kutsogolo, ati "khalani apa amayi a bwana wa nkhondo." Ndamuuza kuti mwana wanga samenya nkhondo, amadyetsa amene nkhondo yawathamangitsa, koma pampandopo sindinachoke. Ndikukunyadira, mwananga, sindibisa. Ndiponso ndili ndi mantha. Zipolopolo ndazisiya m'manja mwa Mulungu, poti ine sindingazitani. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi china, chimene ndinachimva ndi makutu angawa dzulo.

Abusa atakuika dzanja pamutu, tonse titatsinzina, m'nyumba muli zii, mimba yako inalira. Sikuti inangolira pang'ono ayi. Inayambira pansi, inakwera, n'kutembenuka, moti abusa anafulumiza Ameni, amayi a kwaya akuluma milomo. Tsono iwe ndi yemwe uja ndinakufunsa masana kuti, "Udya?" ndipo unati, "Ndadya kale amayi, m'tauni." M'tauni muti? Ndinapeza sikono m'chikwama chako, yolumidwa kamodzi, youma gwa. Eya, ndinapisa m'chikwama. Ndine mayi ako, kasume.

Cholakwa ndi changa, ndinafunsa. Ndipo nkhani yanga yagona pamenepo. Ine sukulu ya thandizo ndinaiphunzira mbali inayo ya mzere, mbali ya wogwira mbale. Za malole ndi misonkhano ukudziwa ndiwe, sindingakuphunzitse. Ine ndikuuza mmene ndinapusira, kuti iwe ukapuse zatsopano, osabwereza zanga.

Ukudziwa kuti ndinalowa m'dziko muno ndili kamtsikana, tikuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, n'kukhala mumsasa ku Nsanje. Tsiku lina kunabwera lole ya zovala zochokera kwa azungu. Ndiye taganiza, Nsanje mwezi wa Okutobala, kutentha koti ndi mbuzi zomwe zimakana kuchoka pamthunzi, ife akutigawira majekete a ubweya a kumayiko a chisanu. Ine ndinaona lofiira, la chisoti chake chaubweya, zipi mpaka pamphuno. Amayi anga, agogo ako a Rozina amene unatenga dzina lawo, anati, "Tenga nsalu iyo." Ndinalira mpaka anandisiya, poti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Ndinalivala tsiku lomwelo, kutseka zipi yense, n'kukaima pa mzere wa mafuta ophikira kuti anzanga andione. Anandionadi. Ndinadzidzimuka ndili chagada, azimayi akundikupiza ndi lichero, botolo la mafuta a banja lonse litatayikira mumchenga. Abambo anga iwo analandira chovala chachitali cha maluwa, chofewa bwino, cha lamba wake. Ankachivala kutchalitchi Lamulungu lililonse, akuyenda mwaufumu, mpaka namwino wina anawanong'oneza kuti n'chimene azimayi achizungu amavala pochokera kubafa. Iwo anati, "Ndiye kuti azimayi achizungu amadziwa kuvala," osachivula.

Tsono mvetsetsa apa. Eni zovala aja atabweranso kudzafunsa ngati zinatikomera, msasa wonse unawomba m'manja, azimayi akululutira, ine ndi chipumi changa chotupa ndikuvina kutsogolo. Anabwerera kwawo okondwa n'kutitumiziranso majekete ena. Munthu amene alibe kanthu sangakuuze kuti wamupatsa chosayenera. Amaopa kuti mawa subweranso, komanso amachita manyazi. Akakakuwombera m'manja kumeneko usakatupe mutu. Ukayende kuseri kwa matenti ukaone zimene akuchita ndi zinthu zimene wawapatsa. Ife majekete aja tinawasandutsa matiresi, ndipo m'zisoti zake nkhuku zinkaikiramo mazira.

Za amuna a mfuti ndili ndi nkhani imodzi yokha, ya paulendo wothawa womwewo. Titatsala pang'ono kufika kumalire, msilikali wina anatulukira m'bango n'kutiimitsa. Anali atavala majombo aakulu, onse a phazi limodzi, moti akamayenda ankaoneka ngati akufuna kukhota. Ine ndinaseka, kuseka kwenikweni koloza ndi chala. Amayi anandiwomba khofi limene ndikulimvabe mpaka lero kukazizira, kenaka anatula katundu pansi, n'kuyamba kumupatsa moni munthu uja. Anamufunsa mmene wadzukira, mmene adzukira akwawo, ngati amake ali moyo, ngati mvula inagwa kwawo. Moniyo anatalika mpaka mfuti inamulemera, anaikoleka paphewa, n'kumayankha ngati mkamwini. Anatilola kudutsa, koma nkhuku yathu anatenga, ndipo amayi anati nkhukuyo yalipira mano anga. Ndiye iwe ukakumana nawo uwapatse moni, usawayankhe mmene umayankhira abambo ako, ndipo ngakhale avale chotani usaseke. Ukaona anthu a komweko akuthawa usayambe kufunsa chifukwa. Thawa kaye, mafunso pambuyo.

China ndi cha amene umayamba kuwadyetsa. Atamwalira apongozi anga, agogo ako a ku Chikwawa, ine monga mkazi wa m'tauni anandipatsa makiyi a chakudya cha pamaliro. Kunabwera anzawo a kuntchito a abambo ako pa minibasi ya hayala, mataye ndi magalasi akuda, mmodzi ali ndi kamera. Ndinati anthu awa asakatinene ku Blantyre. Nkhuku zonse ndi mpunga wonse ndinatumiza kwa a mataye. Adzukulu okumba manda ndinati adikire nyemba zipse. Dzuwa linafika paliwombo, kwaya yaimba nyimbo zonse za m'buku n'kuyambiranso, mlaliki walalika mpaka mawu kusasa, uthenga wa kumanda osabwera. Titatumako munthu, anakapeza adzukulu atakhala pa mulu wa dothi, makasu atawagoneka, dzenje lolekeza m'mawondo. Mkulu wawo anati, "Kauzeni mayi a ku Blantyre kuti a mataye aja abwere adzamalize, poti ndiwo ali ndi mphamvu." Panapita mbuzi, Rozina, ndi kupepesa kogwada. Mpaka lero ndikafika kumudzi kuja sanditchula dzina, amangoti afika a Nyemba Zipse.

Kumene ukupitako a mataye ndi makamera akakhalako ambiri, obwera m'mawa n'kubwerera madzulo pa ndege yomweyo. Uwalandire bwino, poti ena mwa iwo ndi amene amatumiza chimangacho. Koma oyendetsa malole, onyamula matumba, omasulira chilankhulo, amene amadziwa njira yopanda mabomba, amenewo ndiwo adzukulu ako. Akagoneka makasu, palibe chimene chiyende. Azidya iwe ukuona, ndipo uzidya nawo. Ndabwereza dala, uzidya nawo.

Pepa, apa panabwera bambo wina kudzayesa jekete. Walivala, wadziyang'ana pagalasi, wandiuza mbiri ya moyo wake ndi ya mkazi amene anamuthawa, walivula, wapita. Ndinali pati? Eya, ndimafuna ndifike pa Soche.

Chaka chija namondwe anagumula phiri la Soche, matope n'kukokolola nyumba za anthu, iwe unali kunja, unkangoimba foni. Opulumuka anawasonkhanitsa pasukulu ina, ndipo amayi a kutchalitchi kwathu anandisankha kuyang'anira khitchini. Anandipatsa kavesiti konyezimira kaja amavala okonza misewu, wenzulo ndi chimkuzamawu. Mwananga, kavesiti kaja kanandilowa m'mutu. Ndinkapita nako ndi kumsika komwe, ndipo abambo ako akuti ndinkawaitanira chakudya ndi wenzulo. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Masiku oyamba chakudya chinali chochepa, ndiye ndinaganiza zochita mwadongosolo ngati anthu a m'maofesi. Ndinakwera pa desiki n'kukuwa pa chimkuzamawu kuti, "Amene ali ndi njala akweze mkono." Anakweza ana, ndi anyamata ena amene sanali a ku Soche n'komwe, anangotsatira fungo kuchokera ku Zingwangwa. Akuluakulu onse anayang'ana pansi. Ine ndinati basi, awa achibale awabweretsera, n'kukauza a komiti kuti anthu aakulu ali bwino.

Pakati pa anthu aja panali abambo ako aakulu a Fombe, amene anaphunzitsa sukulu moyo wawo wonse. Nyumba yawo inapita yonse, anatuluka ndi akazi awo, ambulera ndi jekete la suti basi. Tinawapempha kuti abwere ku Mpingwe, anakana, ati sangasiye anthu a mumpingo wawo pasukulu. Anakhala pa kampando ka ana a sitandade wani, mawondo ali m'makutu, jekete atamanga mabatani onse. Ndinapita ndi kavesiti kanga n'kufunsa, "Alamu, mudya?" Iwo anati, "Zikomo alamu, tadya kale." Mawa lake chimodzimodzi. Ine osadzifunsa n'komwe kuti adya kale kuti, pamene mbaula, miphika ndi khitchini yomwe zili pansi pa matope. Tsiku linalo anaimirira kuti atsogolere pemphero, anangoti, "Tiyeni tipe..." n'kupita pansi pamodzi ndi ambulera yawo.

Amene anandikonza ndi akazi awo. Sanakalipe. Anandikokera kuseri kwa kalasi n'kunena kuti, "Amake Rozina, kodi kwanu mlendo mumamufunsa?" Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ine mwana wa kuchigwa, wokulira mumsasa, kuiwala chimene kamwana kalikonse kamadziwa. Kwathu munthu safunsidwa ngati adya. Ukamufunsa wamuuza kuti akane, chifukwa kuvomera ndi kunena pagulu kuti kwake kulibe kanthu, ndipo munthu wamkulu angalole kugwa kusiyana ndi kunena zimenezo. Chimene umachita, umatenga beseni ndi jagi ya madzi, umagwada patsogolo pake n'kungokhala chete. Palibe munthu woleredwa amene angasiye mnzake atagwada ndi madzi. Amatambasula manja basi. Manja akanyowa nkhani yatha, mbale ikabwera sangaibweze. Ndinavula kavesiti kaja, chimkuzamawu ndinapatsa ana kuti aziseweretsa, n'kuyamba kuzungulira kalasi ndi kalasi ndi beseni. A Fombe anasamba m'manja akung'ung'udza kuti "mwavutikiranji alamu," kenaka anadya mbale yawo ndi theka la mbale ya akazi awo, n'kufunsa ngati kuli tsabola.

Sindikudziwa ngati anthu a kumeneko amasamba m'manja ndi beseni ngati ife. Mwina ali ndi njira yawo. Koma ndikudziwa kuti kulikonse kuli a Fombe, munthu amene dzulo anali ndi nyumba, ulemu ndi alendo ake, lero wakhala pa kampando ka mwana. Sakweza mkono, sakankhana pa mzere, ndipo mukamawerenga anthu anjala iye saoneka. Ukafika ukafunse azimayi achikulire a komweko kuti, kwanu kuno munthu mumamudyetsa bwanji osamuchititsa manyazi? Chimene akakuuzecho ukachite. Ndaonanso kuti m'sutikesi muli kavesiti kako, kolemera ngati thumba la simenti. Kameneko uzivala, poti akuti kamatchinga zipolopolo, koma kasakakulowe m'mutu ngati kanga.

Tsopano ndifike pa chimene chandigwiritsa cholembera. Agogo ako a Rozina sunawaone, umangodziwa chithunzi chija chili pamwamba pa kabati. Anali mayi wanthabwala, wapakamwa pakuthwa kuposa ine, ukhulupirire. Mumsasa muja chakudya chikachepa, lole isanabwerenso, ankatigawira ife ana ndi abambo, iwo n'kukhala pambali akusoka kapena akutola nsabwe m'jekete langa lija. Tikati, "Amayi, inu?" ankati, "Ndadya kale kwa amake Zuze. Lero anaphika nsomba, ndakhuta mpaka kulephera kuwerama." Ankaifotokoza nsombayo, kukula kwake, mafuta ake, mmene mutu wake unakomera, mpaka ife kuchita nsanje. Kwa amake Zuze, anansi athu mumsasamo, amayi ankawauzanso kuti adya kale kunyumba. Tinadziwa zimenezi mochedwa, nyumba ziwirizi zitakhala pamodzi pamaliro awo.

Chinawatenga si chipolopolo, Rozina. Zipolopolo anazipulumuka, anawoloka nafe madambo mwana ali kumbuyo, katundu ali pamutu. Chinawatenga ndi matenda otsegula m'mimba amene anadutsa mumsasa, amene enafe tinadwala n'kuchira. Namwino anati thupi lawo linalibe chodzitetezera. Mayi amene ankatungira madzi odwala a mzere wonse, kuphikira amasiye, kusambitsa ana a eni, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zowagwadira ndi beseni. Tonse tinkangofunsa, iwo n'kumayankha. Zaka zonsezi zapita koma zimandiwawabe, ndipo pano ndalira pang'ono. Mayi wogulitsa nsapato pafupi nane akuganiza kuti ndikulirira majekete osagulidwawa, wandiuza kuti ndilimbe mtima Juni abweranso.

Iwe utabadwa ndinakupatsa dzina lawo kuti lisafe. Sindinadziwe kuti dzina limabwera ndi bodza lake lomwe. Unayamba uli ku pulayimale, kupatsa anzako mbatata yako n'kubwera kunyumba milomo ili mbuu, ukuti wadya. Ku koleji unabwerako mafupa a m'khosi ali poyera, ukuti ndi fashoni. Dzulo mimba yako yakuneneza pamaso pa abusa. Ndiye ndikudziwa mmene zikakhalire kumeneko. Mutu ukakula sulewa nkhonya, aliyense azikabwera kwa iwe ndi vuto lake: lole yatitimira, mankhwala atha, a mfuti atseka msewu. Iwe uzikathamanga ndi mafoni ako awiri, ndipo poti ndiwe bwana azikakufunsa mwaulemu kuti, "Madamu, mwadya?" Uzikati wadya kale, iwo n'kukhulupirira, chifukwa bwana satsutsidwa. Mantha anga ndi amenewo. Ndikuopa kuti ukadyetsa dziko lonse la eni, ine n'kudzalandira mwana wanga ku Chileka ali m'bokosi chifukwa cha matenda amene ena akuchira.

N'chifukwa chake ndakhala ndikulimbana ndi sutikesi yako sabata yonseyi. Ine ndikuikamo, iwe ukuchotsa. Ndinaika ufa, nsinjiro, ndi mlamba wowamba umene azakhali ako anatumiza kuchokera ku Nsanje. Iwe unati, "Amayi, ndege ili ndi malire a kulemera, komanso nsombayi akandigwira nayo." Abambo ako anakabwereka sikelo kwa a butchala, kupachika sutikesi pamtengo wa mapeyala, n'kumaweruza ngati woimbira mpira, chonsecho iwo anali atabisamo kale wailesi yawo yakale kuti uzikamva nkhani za kumudzi. Wailesi imene ndi ku Mpingwe komwe imagwira ukaimenya. Chabwino, ndagonja, mlamba tidya ndife. Koma m'mawa uno uli kubafa ndachotsa nsapato zako zazitali zija, poti sindikuona kumene ukazivale, ndipo m'malo mwake ndaikamo kabeseni kachitsulo kaja ka maluwa, kamene timasambitsira alendo m'manja. N'kopepuka kuposa nsapatozo, abambo ako ayeza. Sindinakufunse, ndipo usachotse.

Ukafika uyang'ane pakati pa anthu ako munthu mmodzi wosaopa mabwana. Amakhalapo ndithu, kawirikawiri amakhala mayi wophika kapena dalaivala wachikulire wamwano pang'ono. Umupatse kabeseniko, umuuze kuti amayi anga akuti musamandifunse. Nthawi ikakwana azingobwera ndi madzi n'kuima patsogolo pako, olo uli pa foni ndi nduna, olo uli pakati pa msonkhano. Kugwada ndamukhululukira, mayiko ena sadziwa. Ndipo ndikamaimba foni, "ndadya kale" sindikufuna kumumva. Uzindiuza ndiwo yake, amene waphika, ndi ngati mchere unakwana. Usayese kundipekera nsomba ngati agogo ako. Ine ndinanamizidwapo ndi katswiri, iwe ndiwe wophunzira chabe. Ndizifuna kumva mawu a munthu wa beseniyo akuvomereza kumbuyo.

Za banja sinditchula, ndinalonjeza. Ndangoti mwana wa amayi a kwaya uja wa kubanki akadalipo, ndipo ndinamuona dzulo, amadya bwino.

Galimoto ya ku Chileka ikubwera mawa m'mawa, ndipo ndikudziwa kale zimene wakonza: kutuluka m'chipinda sutikesi ili m'manja, foni ili pakhutu, n'kunena kuti ukadya mundege. Ndiye ndikuchenjezeretu. Ukatsegula chitseko undipeza nditagwada pakhomo pakopo, jagi ili m'manja, ndi beseni lalikulu lochapira lija poti laling'ono lili m'sutikesi. Mayi sagwadira mwana wake, ndikudziwa, ndipo abambo ako anena kuti ndikuchititsa manyazi mtundu. Ukudziwanso mawondo angawa, kuti ndikagwada pamafunika anthu ondidzutsa. Sindilankhula kanthu, sindifunsa kanthu. Dalaivala alize hutala mmene angathere, ndege idikire kapena ipite. Ine ndikhala pomwepo mpaka manja ako anyowe.

Ndine amako,
amene sadzakufunsanso.